Mawu Anga pa Tchanelo Chachitatu

Linali Lachinayi, nthawi itangopitirira 3 koloko masana ndi mphindi makumi awiri, pamene foni yanga inalira ndili kukhitchini ndikusenda mbatata. Anali mayi wina wa kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito amuna anga, bambo a Takondwa. Anayankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati agwa m'khonde akukankha chikuku cha gogo wina, ndipo ambulansi yawatenga. Pofika kuchipatala ndinapeza atawatseka kale maso. Adokotala anati unali mtima.

Tinali titakhala ku Brampton zaka zinayi. Kwathu ku Malawi iwo anali namwino, zaka khumi ndi zisanu pachipatala, koma kuno anauzidwa kuti mapepala awo sakukwana mpaka alembenso mayeso ena. Ndiye ankasambitsa ndi kudyetsa okalamba, uku akuwerenga akaweruka. Mapepalawo ankakhala m'envulopu yakhaki pamwamba pa wadiropu. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo ntchito yolembedwa ndinali ndisanagwirepo chibadwire. Ndinkasamala pakhomo, Loweruka n'kumaluka tsitsi la amayi a kutchalitchi.

Patatha miyezi iwiri kunabwera a Nangozo, amene amatsogolera gulu la amayi kutchalitchi kwathu. Anatsegula makatani onse m'nyumba osandifunsa, anakhala pansi, n'kundiuza kuti kulira kulibe tsiku lomaliza, koma munthu amalira akuyenda. Anati pahotela ina yaikulu pafupi ndi bwalo la ndege akufuna anthu okonza zipinda za misonkhano, ndipo mlamu wawo amene amagwira kukhitchini kumeneko wanditchula kale dzina. Nditadandaula za Chizungu changa, anati matebulo safunsa mafunso. Fomu anandilembera ndi iwowo, ine ndinangosaina.

Kapitawo wanga anali Carmela, mayi wamfupi wa ku Philippines, woyenda ngati nthawi zonse basi ikumusiya, wailesi yam'manja ili m'chiuno. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndikhala pa mayeso miyezi itatu. Ndikamaliza popanda cholakwa chachikulu adzandilemba zenizeni, koma ndikalakwitsa zazikulu, palibe zokambirana. Anabwereza kawiri kuti ndimve, ndipo ndinamva. Ntchito ina ndinalibe, ndipo sindinkadziwa khomo lina limene likanatsegukira munthu ngati ine.

Ntchito yokonza chipinda cha msonkhano ili ndi malamulo ake aang'onoang'ono amene mlendo saona. Nsalu ya patebulo, msoko wake uloze kumbali imene kulibe chitseko. Jagi yamadzi imodzi pa anthu atatu. Tambula ikhale chozondoka pa kapepala kake. Kabuku kolembamo kakhale patsogolo pa mpando, cholembera pamwamba pake, ndipo mpando utalikirane ndi tebulo mlingo wa chikhatho. Timakadi ta maina timaika motsata pulani imene abwera nayo eni msonkhano, ndipo pamenepa munthu saganiza zake. Tsiku lina ndinasuntha kadi ya bambo wina wachikulire kuti akhale kutsogolo, poona kuti amuika kumapeto pafupi ndi khomo ngati mwana. Carmela anaibweza, kenako anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Esinati, muno ulemu uli papulani."

Mwezi woyamba utatha anandipereka kwa Devinder kuti ndizimuthandiza. Devinder anali bambo wamtali wa ndevu zotuwa, wovala nduwira, ndipo ndiye ankayang'anira makina onse a mawu. Kuno boma limayankhula zinenero ziwiri, Chingerezi ndi Chifalansa, choncho pamsonkhano wa boma pamakhala omasulira. Iwo amakhala m'kachipinda kagalasi kumbuyo kwa holo, n'kumayankhula m'maikolofoni nthawi yomweyo pamene mwini mawu akuyankhula. Mlendo aliyense amapatsidwa kabokosi kofanana ndi sopo wosambira, kotchedwa risiva, kokhala ndi mahedifoni. Akatembenuza kagudumu kufika pa 1 amamva Chingerezi, pa 2 Chifalansa. Tchanelo chachitatu chimangokhala, kudikira tsiku limene kudzabwere alendo a chinenero china.

Ntchito yanga inali marisiva, ndipo analipo makumi asanu ndi atatu. Ndinkawachotsa m'bokosi lotchajira, n'kuona ngati kagetsi kali kobiriwira. Wa kagetsi kofiira ankabwerera. Kenako ndinkapukuta ndi kansalu ka spiriti, kusintha timasiponji ta m'makutu, kuvala mahedifoni n'kumvetsera tchanelo chilichonse, 1, 2, 3, ndisanaike patebulo kudzanja lamanja la kabuku. Kuti munthu ayese tchanelo pamafunika mawu. Pa 1 ndi pa 2 Devinder ankaikapo mawu ojambula kale. Pa 3 panali kulira chabe, ngati kwa udzudzu wolowa m'khutu, ndipo pofika risiva ya makumi anayi mutu unkakhala ukuwawa.

Nditamudandaulira, anandilowetsa m'kachipinda kagalasi kaja n'kundikhazika pampando wa omasulira. Anati ndiyankhule chilichonse kwa mphindi ziwiri, m'chinenero changa ngati ndikufuna, ndipo makinawo azingobwereza mawuwo pa 3 nthawi yoyesa. Anandionetsa batani lofiira lojambulira. Anandionetsanso batani lina lakuda, n'kunena kuti ndikamaliza kuyesa ndizizimitsa tchanelo chachitatu alendo asanalowe, ndipo imeneyo ndi ntchito yanga, osati yake. Atatero anapita kukatenga khofi.

M'kachipindamo makoma ake ndi ofewa ngati matiresi, ndipo ukatseka chitseko phokoso lonse limathera panja. Kunali kusanache bwino. Kudzera m'galasi ndinkaona holo yopanda munthu, mipando ili ndondondo, ndipo kuseri kwa mawindo aakulu ndege zinkatsika imodziimodzi ndi magetsi ake, popanda kumveka, ngati zikuyandama m'madzi. Ndinadina batani lofiira. Kenako ndinangomva pakamwa panga pakuti, bambo a Takondwa, mwadzuka bwanji kumeneko.

Ndinawauza kuti ndinayamba ntchito. Ndinawauza nambala za basi zimene ndimakwera, ndi kuti sinowo wagwa wambiri moti galimoto ya aneba inakwiririka. Mphindi ziwiri zinatha ndisanamalize.

Tsiku limenelo ndinamva mawu anga kamakumi asanu ndi atatu. Munthu ukadzimva m'mahedifoni sukhala iwe. Mawuwo ankamveka ngati a mayi anga, nthawi zina ngati a mkazi wina amene ndinakumana naye pa depoti kalekale, ndipo ankachokera pakati pa mutu, osati kunja. Ndinkayenda pakati pa matebulo, kapeti ikumeza mapazi anga, mkazi uja akuuza mwamuna wake za basi. Pena ankapuma, ndipo m'kupumako ndinkamva malo amene bambo a Takondwa akanati eya, kapena kuseka ndi mphuno monga ankachitira. Sindikunena kuti ndinkawamva. Ndinkangodziwa malo ake.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ndinkajambula zatsopano. Devinder anandifunsa kamodzi kokha kuti ndimanena chiyani. Ndinati nkhani za kunyumba. Anagwedeza mutu osafunsanso. Kunyumba kwenikweniko ndinalibe woyankhula naye motere. Mwana wathu Takondwa amamva Chichewa koma amayankha m'Chizungu, ndipo masiku amenewo ankayankha mwachidule, chitseko cha kuchipinda kwake chili chotseka.

Kutatsala masabata awiri kuti mayeso anga athe, Carmela anatisonkhanitsa tonse. Anati kukubwera msonkhano wa masiku atatu wa nduna za m'zigawo zingapo, pamodzi ndi akuluakulu a bungwe lina la maiko ambiri. Ine ndinali ndisanadziwe bwino kuti kuno chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nduna zake, ndipo za zipatala zimayendetsedwa kumeneko. Devinder ndiye anandifotokozera, akukulunga waya pachigongono. Anati n'chifukwa chake a bungwe lakunja akafuna kuti zinthu zisinthe m'zipatala, sangangoyankhula ndi boma lalikulu lokha, ayenera kukhala pansi ndi nduna zimenezi, ndipo iliyonse imabwera ndi mutu wake. Msonkhanowo unali wachinsinsi. Mafoni onse ankasiyidwa pakhomo m'timatumba. Ife ochepa ololedwa kulowa tinasaina pepala lolonjeza kuti zomva m'menemo zitsala m'menemo.

Poika timabuku ndinawerenga mutu wa msonkhano pachikuto, chilembo ndi chilembo monga ndimawerengera. Unali wonena za anamwino ndi ena a zachipatala amene anaphunzira kunja, ndi mmene mapepala awo angavomerezedwere. Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinapitiriza kuika timabuku.

Ndinkayembekezera masaireni ndi apolisi a njinga zamoto. Nduna yoyamba imene ndinaiona inabwera ikudzikokera yokha sutikesi, inandifunsa kumene kuli chimbudzi, ndipo inandigwirira chitseko kuti ndidutse ndi trole yanga. Ndinadziwa kuti ndi nduna pambuyo pake, nditaiona itakhala kuseri kwa kadi.

Tsiku loyamba la msonkhanowo linali Lachitatu, osati Lolemba, koma mtima unandikakamiza. Ndinafika m'mawa kwambiri, ndinalowa m'kachipinda kaja n'kudina batani lofiira. Ndinawauza bambo a Takondwa kuti lero kuli mitingi ya maminisita, akukambirana za manesi ndi mapepala anu aja, kungoti achedwa. Ndinawauza kuti minisita wina amene Devinder anandilozera dzulo anavala masokosi osiyana, imodzi yakuda ina yabuluu, ndipo wina ndi wamng'ono moti kwathu akanamutuma madzi. Kenako mawu anapita kwina okha. Ndinati nsapato zanu zikadali pakhomo, sindinazisunthe. Ndinati ndakukwiyirani, chifukwa munali namwino ndipo munkadziwa tanthauzo la kupweteka kwa pachifuwa, koma simunandiuze. Ndinati palibenso wokangana naye m'Chichewa m'nyumba muja.

Ndinayamba kuyesa marisiva monga mwa masiku onse. Ndili chakumapeto, Carmela anandiitana mwachangu. Nduna ina inali italephera kubwera ndipo inatumiza woiimira, choncho pulani inasintha, makadi a mbali yonse yakumanja anayenera kusuntha, ndi timbendera tomwe. Tinathamanga nazo anthu awiri. Titamaliza ndinabwerera ku marisiva otsala, ndinawayesa mofulumira, ndinawaika m'malo mwake, ndipo chitseko chinatseguka, alendo n'kuyamba kulowa. Devinder anali atagwada kuseri kwa nsanja akulimbana ndi waya. Omasulira analowa m'kachipinda kawo, koma iwo amangoyang'ana 1 ndi 2. Batani lakuda lija sindinalikhudze.

Malo anga anali kukhoma lakumbuyo, pafupi ndi tebulo la majagi, ndili ndi marisiva apadera oti ndisinthire wina batire ikamuthera. Ndinkaloledwa kuika hedifoni imodzi kukhutu kuti ndidziwe ngati mawu akumveka bwino. Ndinaika pa 1. Mkulu wa bungwe lija anayamba ndi kunena kuti maiko osauka amaphunzitsa anamwino ndi mphamvu zawo zochepa, kenako anamwinowo amapita kumaiko olemera, kumene ena a iwo sagwiranso ntchito imene anaphunzira. Nduna ina inati kumidzi yakutali ya m'chigawo chake zipatala zikusowa anthu. Ina inati zovomereza mapepala si za iyo yokha, pali mabungwe oyang'anira anamwino amene ali ndi malamulo awo. Ina inati tisathamange. Mawu ambiri ankandidutsa pamwamba, koma mutu wa nkhani ndinkaugwira. Ndinkayang'ana dzuwa likuyenda pa nsalu zoyera, ndikuganiza kuti anthu onsewa, ndi masuti awo, akwera ndege kudzakambirana za munthu amene ankapaka mafuta miyendo ya agogo ku Brampton, ndipo palibe mmodzi akudziwa dzina lake.

Cha m'ma 11 koloko nduna ina inayamba kuyankhula m'Chifalansa. Onse osamva chinenerocho anatenga marisiva awo. Nduna ina yachikulire, ya zala zikuluzikulu, inatembenuza kagudumu mopitirira. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Inamvetsera pang'ono, kenako inakweza dzanja n'kuuza wapampando kuti m'makinamu muli munthu wina akuyankhula.

Woyankhula uja anasiya. Mmodzimmodzi anthu anayamba kutembenuza timagudumu, ndipo holo yonse inakhala chete, mitu itapendekeka. Ine ndinatembenuzanso kanga, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Ndinafikira pamene mkazi uja ankati nsapato zanu zikadali pakhomo.

Mkulu wa chitetezo anaima pachitseko n'kuuza anthu kuti wina asatuluke. Devinder anathamangira m'kachipinda n'kuzimitsa. Anafotokoza kuti ndi mawu oyesera makina basi, sanachokere kunja ndipo sakupita kunja. Koma wachitetezoyo anali atamva ndi makutu ake. Chichewa sankachidziwa, koma pakati pa mawu achilendowo anatolamo amene ankawadziwa, minisita, mitingi, manesi. Kunali kuyankhula kwathu kwa kuno, kosakaniza, kumene sitikuonanso kuti tikusakaniza. Kwa iye zinamveka ngati munthu akufotokozera wina wakunja za msonkhano wachinsinsi. Anafunsa kuti mawuwo ndi a ndani.

Devinder sanayang'ane kumene ndinali. Anati makina ndi ake, ndipo waiwala kuzimitsa ndi iye.

Ndinali nditanyamula jagi. Ndikukumbuka kuzizira kwake m'manja, ndi madzi oundana akugundana m'katimo. Ndikanatha kukhala chete. Masabata awiri okha ndiwo anali atatsala. Koma bambo uja anali ndi zaka zambiri pantchitoyo, ndipo batani lakuda anandipatsa ine. Ndinaika jagi patebulo n'kunena m'Chizungu changa kuti mawuwo ndi anga, ndipo woiwala ndine.

Ananditengera m'kachipinda kena kam'mbali, ine, Devinder, Carmela, wachitetezo ndi mayi wina wokonza msonkhanowo. Carmela nkhope inali itauma gwa. Anandiuza kuti ndimasulire zonse zimene ndinanena. Chizungu changa sichikanakwana kumasulira zimenezo. Ndipo ndinkaona kuti ngakhale ndimasulire, wachitetezoyo alibe chifukwa chokhulupirira mawu a woimbidwa mlandu. Anayamba kukambirana zoimbira kampani ya omasulira kuti afufuze wodziwa chinenerochi, ndipo msonkhano wonse unali ukudikira.

Ndiye kunagogoda munthu. Analowa mayi wina wa bungwe lija, wa suti yakuda ndi tsitsi loluka lotuwa m'mbali. Dzina lawo ndinali nditaliona m'mawa poika makadi, a Tembo, ndipo ndinaganiza kuti angakhale a kwathu, koma wantchito sapereka moni kwa mlendo chifukwa cha dzina. Anauza anthuwo kuti chinenerocho amachimva, ndi cha kwawo. Devinder anawapatsa mahedifoni n'kuyatsa mawuwo kuyambira pachiyambi.

Anamvetsera mphindi zonse ziwiri atatsinzina. Ine ndinkayang'ana kapeti. Palibe tsiku limene ndinadziona wamaliseche ngati limenelo. Atamaliza anavula mahedifoni, anawapinda bwinobwino, n'kunena m'Chizungu kuti ndi mayi wamasiye akuyankhula ndi malemu mwamuna wake amene anali namwino, ndipo ndi nkhani za m'nyumba. Wachitetezo anafunsa za mawu aja akuti minisita. Iwo anati akumuuza kuti lero kubwera nduna, basi, ndipo zikuonekeratu kuti anajambula msonkhano usanayambe. Devinder anaonetsa nthawi imene makina analemba, ndipo inagwirizana. Za nsapato, za kupweteka kwa pachifuwa, a Tembo sananene.

Anthu akutuluka, anatsalira pang'ono n'kuyandikira khutu langa. "Osayopa amai, ine nine wa ku Chipata," anatero. "Koma masokosi aja, na ine naaona."

Sindinathe kuseka nthawi imeneyo. Ndinadzaseka m'basi.

Msonkhano unapitirira utaima pafupifupi theka la ola. Carmela anandilanda baji yolowera m'holo n'kunditumiza kotsuka mbale. Anati tidzayankhulana Lachisanu msonkhano ukatha. Masiku awiri amenewo ndinawathera pa makina otsukira, kulowetsa matambula m'mathireyi, kuwatulutsa mbali ina ali otentha, nthunzi ili tolo moti anzanga ndinkawaona ngati zithunzithunzi. A Nangozo sindinawauze kanthu. Ndinkaganiza za mmene ndidzawayang'anire ngati andichotsa, iwo amene anandinenera kwa mlamu wawo.

Lachisanu masana, nthawi yopuma, a Tembo anabwera okha kukhomo la kukhitchini n'kufunsa za ine. Tinaima m'khonde pakati pa matrole. Anandifunsa dzina la amuna anga ndi kumene anagwira ntchito kwathu, ndipo ndinawauza. Sanalembe paliponse, anangolibwereza dzinalo kamodzi. Anati ali ndi mng'ono wawo ku Oakville, tauni ina ya kufupi kuno, amene anadikira zaka zambiri kuti mapepala ake avomerezedwe. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati agwirizana kanthu m'menemo, ngati n'zololedwa kunena.

"Tagwilizana kuti tizakumana futi," anatero, n'kupukusa mutu akumwetulira. Anati zinthu za maboma zimayenda ngati ngolo ya ng'ombe zisanu zosadziwana, koma akaleka kubwera ndiye kuti ngoloyo yaima. Ponyamuka anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Muzikamba nao amuna anu, amai. Manje osati pa makina ya boma."

Cha m'ma 4 koloko Carmela anandiitana ku ofesi yake. Patebulo panali kalata. Anandiwerengera yonse pang'onopang'ono. Inali ya chenjezo, ndipo inanena cholakwa changa mosabisa, kuti ndinasiya tchanelo choyatsa pamsonkhano wachinsinsi. Anati abwana ake anafuna kuti ndichoke, chifukwa hotela inapepesa kwa nduna ndipo kupepesa kotero sikukoma. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi, tambula ikasweka amapeza zidutswa zokha pansi, woswa sapezeka. "Devinder anali atakubisani kale," anatero. "Inu munatuluka nokha. Munthu wotero ndingamusiye m'chipinda cha nduna."

Anawonjezera mwezi umodzi pa mayeso anga, ndipo mwezi umenewo sindinaloledwe m'misonkhano ya boma. Ndinasaina kalatayo. Mawu aja anayenera kufufutidwa m'makina. Devinder anandifunsa ngati ndikufuna andisungire pa foni yanga asanafufute, ndipo ndinakana. Amene ndinkawauza anali atamva kale, ndi ena makumi anayi pamwamba.

Lolemba lotsatira Devinder anabwera ndi kakadi kolimba kamene analembapo ndondomeko yonse ya marisiva, mizere isanu ndi iwiri, m'zilembo zikuluzikulu kuti ndisavutike. Mzere womaliza unali wa batani lakuda. Anandiphunzitsa kuti mzere uliwonse ndizigwira chinthucho ndi chala n'kuchitchula mokweza, ngakhale ndili ndekha. Ndipo wina akandiitana ndili pakati, kaya ndi Carmela kaya ndi mwini hotela, pobwerera ndisapitirize pamene ndinalekera, ndiyambirenso pamwamba. Anati anthu salakwitsa chifukwa chosadziwa ntchito, amalakwitsa pamene aitanidwa ali pakati. Anatinso maikolofoni iliyonse ndiziitenga ngati ndi yoyatsa, ngakhale waya wake ndikuuona uli pansi. Ziwiri zimenezi ndazisunga, ndipo zandithandiza ndi kunja kwa holo komwe.

Mwezi uja unatha ndipo anandilemba. Papita zaka zitatu tsopano. Nduna zija zabweranso kawiri ndi a bungwe lomwe lija pa nkhani yomweyo, nkhope zina zatsopano, ndipo maulendo onse awiri ndinali kukhoma lakumbuyo ndi jagi yanga. A Tembo anabwera ulendo umodzi wokha, ndipo tinapatsana moni ndi maso. Devinder anapuma pantchito chaka chatha. Panopa marisiva a maholo onse anayi ndimayang'anira ndine, ndipo antchito atsopano ndimawaphunzitsa ndi kakadi kofanana ndi kaja. Ndimagwira masiku asanu pa sabata, ndimakwera basi ziwiri kuchokera ku Brampton, ndipo 6 koloko m'mawa imandipeza ndikutsegula bokosi lotchajira.